Zidole Zingati Zimakwana M'chipinda Chapansi?

Nyumba zambiri za kumpoto kwa America ndi ku Canada zili ndi chipinda chachikulu pansi pa nthaka, ndipo chinachibweretsa ndi chisanu. M'miyezi yozizira madzi a m'nthaka amaundana, nthaka n'kufufuma, n'kumakankha maziko. Choncho omanga amakumba mozama kupitirira pamene chisanu chimalekezera, ndipo poti dzenje lakumbidwa kale, amangolikuza kuti likhale chipinda. Mmenemo mumakhala makina otenthetsa nyumba, thanki ya madzi otentha ndi makina ochapira zovala. Malo otsalawo amakhala pululu.

Amalawi amene anakhazikika ku South Bend, m'chigawo cha Indiana, amachidziwa bwino chipindachi. Mzindawu uli pafupi ndi nyanja ya Michigan, imene imautumizira chipale chofewa chambiri, ndipo mu Disembala dzuwa limalowa cha m'ma 5 koloko. Mwana amene ku Kawale kapena ku Ndirande akanaswera panja ndi anzake mpaka kuitanidwa kuti nsima yapsa, kuno amatha miyezi ingapo ali m'nyumba. Kholo likayang'ana malo apululu aja limaganiza zabwino: apa ndiye posewerera ana. Kenaka limayamba kuda nkhawa. Tiikemo chiyani, ndipo tiike zingati kuti anawa tisawasasatitse?

Funsoli lanyamula nkhani ziwiri zimene anthu amazisakaniza. Ina ndi yakuti ndi zinthu ziti zimene zimapangitsa mwana kusewera bwino. Ina ndi yakuti n'chiyani chimasandutsa mwana kukhala wosayamika, wofuna chilichonse pompopompo. Ine ndimaona kuti yachiwiriyi sidalira kwenikweni zimene zili m'chipindamo. Imadalira njira imene zinthuzo zimalowera m'nyumba, ndi chimene zikulowa m'malo mwake. Koma tisanafike kumeneko, chipindacho chiyenera kukhala choti mwana n'kupumiramo mpweya maola ambiri.

Pansi pa nyumba ndi pamene mpweya wa radon umaunjikana. Mpweyawu umachokera ku uranium wa m'miyala ndi m'nthaka, n'kulowa kudzera m'ming'alu ya simenti. Suoneka, ulibe fungo. Bungwe la boma la America loona za chilengedwe, EPA, limati radon ndiye wachiwiri kwa fodya poyambitsa khansa ya m'mapapo m'dzikomo, ndipo limayerekeza kuti amapha anthu pafupifupi 21,000 pachaka. Kachida koyezera n'kotchipa kuposa zidole zambiri, ndipo kamagulitsidwa m'masitolo a zipangizo zomangira. EPA imalangiza kukonza nyumba muyeso ukafika 4 picocuries pa lita imodzi ya mpweya; ku Canada malire ndi 200 becquerels pa kiyubiki mita. Kukonzako nthawi zambiri ndi kuika paipi ndi fani zokoka mpweyawo pansi pa simenti n'kuutulutsira kudenga. Banja limene likufuna kuwononga ndalama pa chipindachi liyambire pamenepa.

Chinyezi nacho chimakonda pansi. Chikapitirira 60 peresenti nkhungu imamera m'makoma, m'kapeti ndi m'zidole zansalu, ndipo mwana wa mphumu ndiye amayamba kumva. Makina oyamwa chinyezi amathetsa vutoli. Pafupi ndi makina otenthetsera pakhale alamu yochenjeza za utsi ndi mpweya wa carbon monoxide, ndipo malo a makinawo atchingidwe. Nyumba ikakhala yomangidwa chaka cha 1978 chisanafike, penti wakale akhoza kukhala wa mtovu, choncho asamasendeke pomwe khanda likukwawa. Mashelefu akhomeredwe kukhoma, chifukwa mwana adzakwerapo ndithu. Kwa ana osakwana zaka 3, lamulo la ku America limaletsa zidole zokhala ndi tizidutswa tolowa m'kachubu kotakata masentimita 3.17; kunyumba anthu amayesera ndi kachubu kokulungapo tishu. Zoopsa kwambiri ndi timabatire tobulungira tofanana ndi batani, timene tikakakamira pammero timatha kuwotcha m'kati pa maola awiri okha, ndi timaginito tamphamvu timene tikamezedwa tiwiri timakokana n'kuboola matumbo.

Tsopano kuchuluka kwa zidole. Ofufuza a pa yunivesite ya Toledo, ku Ohio, anafalitsa mu 2018 zimene anapeza pa ana 36 a miyezi 18 mpaka 30. Mwana aliyense anamuika m'chipinda kawiri: ulendo wina muli zidole 4, ulendo wina 16. Pamene zinali 4, anawo ankakhalitsa ndi chidole chimodzi ndipo ankachiseweretsa m'njira zambiri. Pamene zinali 16, ankangodumphadumpha, kugwira ichi n'kusiya, kugwira icho n'kusiya. Kafukufukuyu ndi wamng'ono, ndipo sakunena kuti nyumba iliyonse ikhale ndi zidole zinayi basi. Chimene akuonetsa n'chimene kholo lililonse latcheru linaonapo m'mawa wa Khrisimasi: mwana wazunguliridwa ndi mphatso, koma akulira, sakudziwa poyambira.

Ku Germany anapita nazo patali. Mu 1992, m'tauni ya Penzberg ku Bavaria, Elke Schubert ndi Rainer Strick anayambitsa zoti sukulu ya mkaka izichotsa zidole zonse kwa miyezi itatu, n'kusiya mipando, matebulo ndi mabulangete. Cholinga chawo chinali kuteteza ana kuti asadzakhale akapolo a mowa ndi mankhwala ozunguza bongo akadzakula, poganiza kuti mwana amene waphunzira kupirira kusowa chochita n'kudzipezera yekha chochita sadzathamangira chinthu chomutonthoza nthawi iliyonse mtima ukawawa. Masiku oyamba ana ankasowa pogwira, kenaka ankayamba kumanga nyumba ndi mabulangete, kukambirana, kugawana maudindo. Makolo ena ndi akatswiri ena anadzudzula kuti ndi nkhanza, ndipo inenso sindingauze munthu kuti akolope chipinda chonse. Koma njirayi inafalikira m'sukulu zina za ku Germany, Austria ndi Switzerland.

Vuto la chipinda chapansi n'lakuti n'chachikulu, ndipo malo aakulu amaitana katundu. Ofufuza a yunivesite ya UCLA amene analowa m'nyumba za mabanja 32 a ku Los Angeles, n'kutulutsa buku la zimene anaona mu 2012, anapeza kuti magalaja atatu mwa anayi alionse analibenso malo oimikamo galimoto chifukwa cha katundu. Chipinda chapansi chimadzaza chimodzimodzi, pang'onopang'ono, ndipo poti alendo sachiona, palibe amene amachita nacho manyazi. Njira imene imathandiza ndi yogawa zidolezo: zochepa zikhale pa shelefu yaifupi pomwe mwana akuziona n'kuzifikira, zotsalazo zitsekeredwe m'makatoni, n'kumasinthanitsa pakapita milungu iwiri kapena itatu. Chidole chimene mwana anachiiwala chikatuluka amachilandira ndi chimwemwe chonse, popanda tambala kutuluka m'thumba. Chimbiya chachikulu chongothiramo zonse n'chosathandiza, chifukwa mwana amachikhuthula chonse pofuna chinthu chimodzi. Ndipo pakati pa chipinda pasiyidwe popanda kanthu. Malo apululuwo ndiwo chuma chenicheni cha chipindachi.

Mtundu wa chidole ndi nkhani yaikulu kuposa chiwerengero. Funso lodzifunsa m'sitolo ndi ili: ntchito aigwira ndani, chidole kapena mwana? Chidole choyimba chokha, choyaka magetsi, cholankhula ukadina batani, chimamaliza chokha sewero lonse. Mwana amangokhala woonerera. Anna Sosa wa pa yunivesite ya Northern Arizona anajambula mawu a makolo 26 akusewera ndi makanda awo a miyezi 10 mpaka 16. Pamene ankaseweretsa zidole zamabatire, makolo ankalankhula mawu ochepa, ankayankha makandawo kochepa, makandanso ankatulutsa mawu ochepa, kusiyana ndi pamene anali ndi mabuku. Chidole chikamalankhula, mayi amakhala chete. Kwa banja limene likufuna kuti mwana wobadwira kunja amve Chichewa, nkhaniyi ndi yolemera, chifukwa chidole chamabatire nthawi zambiri chimalankhula Chingerezi chokha, ndipo mphindi zimene chalanda n'zomwe zija mayi akanati, “Taona ng'ombe iyi, ikulira bwanji?”

Ku Rochester, m'chigawo cha New York, kuli nyumba yosungirako mbiri ya masewera yotchedwa The Strong, imene chaka ndi chaka imasankha zidole zopambana m'mbiri. Mu 2005 inasankha katoni wamba, mu 2008 kamtengo, mu 2011 bulangete. Mlembi wina wa ku Britain, Simon Nicholson, analemba mu 1971 kuti luso la ana lopeka zinthu limakula molingana ndi kuchuluka kwa zinthu zosakhomeredwa, zonyamulika, zosanduka chilichonse, zimene zili pamalopo. Mmalawi safunika kuuzidwa zimenezi ndi buku. Taganizani mnyamata wopanga galimoto ya waya. Amayamba ndi kufunafuna waya masiku angapo, n'kuuwongola pouponda ndi mwala. Amapinda chimango, n'kumanga mfundo ndi malegeni odula ku chubu chakutha. Mateyala akakhala okhota galimoto imayenda chammbali, ndiye amamasula n'kuyambiranso. Pomaliza amalumikiza chiwongolero chachitali chofika m'chiuno mwake, choti akachipotoza mateyala akutsogolo azikhotadi. Tsiku limene galimotoyo ikuyenda pamsewu, mnyamatayo wadikira, walephera, wapempha nzeru kwa wamkulu mnzake, wasinthanitsa zinthu ndi anzake. William Kamkwamba wa ku Wimbe, ku Kasungu, asanapange makina ake a magetsi oyendera mphepo, ankapanga malole ndi mapaketi a Chibuku.

Sindikutamanda umphawi. Ana ambiri opanga magalimoto a waya analibe buku ngakhale limodzi kunyumba, ndipo akanasangalala kukhala ndi njinga. Chimene ndikufuna kuti chiwoloke nyanja ndi kupangako. Pakona imodzi ya chipinda pakhale tebulo lakale losaopa kudetsedwa, ndi bokosi la makatoni, zotsekera mabotolo, zingwe, tepi, guluu, sizasi yosasongoka, makrayoni ndi dongo lowumbira. Mwana wa zaka 8 kapena 9 akhoza kupatsidwa pulayala, waya ndi sikuludiraiva yeniyeni, wamkulu ali pambali. Wailesi yakufa yoti aimasule, mabatire ndi chingwe cha magetsi atachotseratu, imamugwira masana onse.

Pa zogula, matabwa omangira ndiwo ndingaike patsogolo. Mtundu umene sukulu za mkaka zambiri za ku America zimagwiritsa ntchito anaukonza Caroline Pratt, mphunzitsi amene anatsegula sukulu yake ku New York mu 1914. Matabwa ake ndi oyezedwa kuti awiri aafupi afanane ndi limodzi lalitali, moti mwana amakumana ndi theka ndi kuwirikiza m'manja mwake asanazimve m'kalasi. Amakhala zaka zambiri, ndipo wa zaka ziwiri ndi wa zaka 7 onse amapezamo chochita. Lego nayo ndi yabwino, makamaka ndowa ya tinjerwa tosakaniza. Mabokosi omangira chinthu chimodzi chojambulidwa pachikuto amaphunzitsa kutsatira malangizo, zomwe si zoipa, koma ambiri amamangidwa kamodzi n'kukhala chokongoletsera, mwana n'kuyamba kufuna bokosi lotsatira.

Pakhalenso malo a masanje. Sizifuna khitchini ya pulasitiki yodula. Poto wakale weniweni, mthiko, chipande, mbale zingapo, zitenje ziwiri zoberekera chidole, chipewa cha bambo, foni yakufa: ana amakonda zinthu zenizeni za akulu kuposa zoyerekezera. Kwa okulirapo, bawo ndi mphatso yabwino kupempha kwa wachibale wochokera kumudzi. Maenje 32 ndi njere 64 zimaphunzitsa kuwerengera patsogolo, komanso kugonja popanda kugubuduza thabwa, ndipo agogo akabwera kudzacheza amakhala ndi chochita ndi mdzukulu ngakhale zilankhulo zikusemphana. Njerezo zisungidwe kutali ndi khanda.

Thupi nalo lili ndi zofuna zake. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linalangiza mu 2019 kuti mwana wa chaka chimodzi mpaka zinayi azitakataka mphindi 180 patsiku, ndipo kwa a zaka 5 mpaka 17 limati pafupifupi ola limodzi la masewera otulutsa thukuta. M'nyengo yozizira mbali yaikulu ya zimenezi idzachitikira pansipa. Matiresi akale odumphirapo, mpira wofewa, mizere ya phada yomata ndi tepi pasimenti, chingwe cha jingo ngati denga latalika: zonsezi mtengo wake ndi wochepa. Nsanamira zachitsulo zochirikiza nyumba zikutidwe ndi chofewa. Ndipo chipinda chisalowe m'malo mwa panja. Ana a kumayiko ozizira amavala majasi n'kukasewera m'chipale, ndipo athunso akhoza.

Wailesi yakanema ndingati isatsike pansipo. WHO imati mwana wosakwana zaka ziwiri asamakhalire kuonera sikirini, ndipo wa zaka 2 mpaka 4 asapitirire ola limodzi patsiku. Sikirini ikakhala m'chipinda chomwecho ndi matabwa, matabwa amagonja tsiku lililonse, komanso kholo lili pamwamba silidziwa chimene chikuonetsedwa.

Zonsezi zikhoza kukonzedwa bwino mwana n'kusasatitsidwabe. Diana Baumrind, katswiri wa maganizo a ana wa ku Berkeley, anaonetsa m'zaka za m'ma 1960 kuti ana amene amakula bwino ndi a makolo achikondi koma oika malire, pamene a makolo olekerera amavutika kudziletsa. Sanawerenge zidole, anayang'ana ngati mawu akuti ayi ali ndi mphamvu m'nyumbamo. Mu 2015 Marsha Richins ndi Lan Chaplin anafalitsa kafukufuku wofunsa akuluakulu za ubwana wawo, ndipo anapeza kuti amene makolo awo ankagwiritsa ntchito zinthu ngati malipiro a khalidwe labwino, kapena ngati njira yoonetsera chikondi, anakula akuyeza kupambana kwa munthu ndi katundu amene ali naye. Chomvetsa chisoni n'chakuti makolo ochita zimenezi nthawi zambiri anali achikondi kwambiri.

Apa m'pamene mtima wanga umagunda, chifukwa kholo la kunja ndimalimvetsa. Ambiri amagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, mashifiti ataliatali, usiku ndi Loweruka lomwe. Mayi amafika kunyumba ana atagona, n'kuchoka asanadzuke. Iyeyo anakula akusirira chidole cha mwana wa bwana pawindo. Lero ali ndi ndalama, sitolo ili panjira, ndipo chidole cha madola 10 chimaziziritsa mtima umene ukumuimba mlandu. Palibe choipa m'chikhumbo chimenecho. Koma mwana amaphunzira msanga kuti amayi akasowa kumabwera phukusi, akalira m'sitolo kumabwera phukusi, akamaliza nsima kumabwera phukusi. Posakhalitsa amayamba kufunsa kuti mundipatsa chiyani asanatole nsapato zake.

Chothandiza ndi kuika nthawi ya mphatso n'kuisunga. M'sitolo mwana akagwira bokosi n'kunena kuti, “Amayi, mundigulire ichi,” yankho likhoza kukhala lofatsa: “N'chokongoladi, mwanangu. Lero tabwerera mkaka. Tiye tichijambule pafoni, tidzachione pa tsiku lako lobadwa.” Adzalira ulendo woyamba, mwina wachiwirinso, anthu akuyang'ana. Kulirako si chizindikiro choti kholo lalakwa. Pofika tsiku lobadwalo, zambiri mwa zojambulidwazo adzakhala ataziiwala, ndipo chimene akuchikumbukirabe ndicho chogula. Wamkulupo apatsidwe kandalama kapamlungu kuti asunge yekha. Mwana amene wasonkhetsa miyezi iwiri sasiya chidolecho pamasitepe. Chidole chikathyoka chifukwa chochiponya, chisabwere china mawa lake. Akhale pansi ndi bambo ake ayese kuchimata, chikakanika akhale opanda.

Kutolera ndi mbali ya sewero. Mwana wa zaka ziwiri amatha kubweza matabwa m'dengu ngati dengulo lili pomwe amalifikira. Chiyeso cha chipinda chapansi n'chakuti ukhoza kungotseka chitseko chipwirikiti chonse n'kubisika, kapena mayi n'kumatsika yekha usiku kukatolera. Zonse ziwiri zimauza mwana kuti wina ndiye amanyamula zotsatira za zochita zake. Ngati ana sangathe kutolera okha m'mphindi khumi asanakwere kukadya, ndiye kuti zidole zimene zili poyera zachuluka.

Chitseko chomwecho chimabisanso ana. Chipinda chodzaza ndi zinthu zokongola chikhoza kukhala njira yaulemu yowachotsera pamaso. Wosakwana zaka zisanu asasiyidwe yekha pansipo, ndipo ngakhale okulirapo amasewera motalika akadziwa kuti wamkulu ali pafupi. Ndiye pakhale mpando wabwino wa munthu wamkulu. Makina ochapira ali komweko; zovala zipindidwire pomwepo, mwana azithandiza kuphatikiza masokosi. Sikuti kholo lizitsogolera sewero. Mwana akabwera n'kuti, “Ababa, ndaboweka,” bambo asathamangire kumupezera chochita kapena kumupatsa foni. Angoti, “Pita ukaone makatoni aja,” n'kupirira kung'ung'udza kwa mphindi zingapo. Ndipo ana a anzathu aziitanidwa. Ana anayi ndi bulangete limodzi amasewera bwino kuposa mwana mmodzi ndi sitolo yonse, ndipo kubwereketsa, kudikira nthawi yako ndi kupepesa siziphunzirika uli wekha.

Zidole zambiri sizigulidwa ndi makolo. Phwando la tsiku lobadwa la ana 20 limabweretsa mphatso 20, azakhali ndi amalume a kutchalitchi amabwera ndi zawo, ndipo kukana mphatso pachikhalidwe chathu n'kovuta. Sikofunika kukana. Mphatso ilandiridwe ndi manja awiri, mwana athokoze ndi pakamwa pake, zina zikalowe m'makatoni osinthanitsa aja. Wachibale wapafupi akafunsa chogula, auzidwe moona: buku, maphunziro osambira, tikiti ya chaka chonse ya kumalo oonerako nyama a Potawatomi Zoo. Malonda a pakhomo a m'chilimwe ndi masitolo a kaunjika amathandiza thumba, koma kutchipa kwake n'komwe kumadzaza chipinda, ndipo chidole chakale chiyenera kufufuzidwa ngati boma silinachiletse. Kubwereka nakonso kulipo. Ku Los Angeles ntchito yobwereketsa ana zidole ngati mabuku inayamba mu 1935, pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma, ndipo lero malaibulale ena ku America ndi ku Britain amachita zomwezo. Mwana wobwereka amadziwa kuti chinthucho achisamale, achibweze, wina akuchidikira.

Kamodzi kapena kawiri pachaka zimene ana azipitirira msinkhu zichoke, ndipo ntchitoyi ichitike anawo ali pomwepo, osati mozemba ali kusukulu. Mabanja ambiri amatumiza katundu kumudzi, ndipo mwana akhoza kusankha yekha zopita kwa asuweni ake amene amawaona pa WhatsApp, n'kuwatchula maina polongedza. Zothyoka ndi zosowa zidutswa zisalowe m'katoniyo, ndipo zamabatire zimafa mlungu woyamba kumene batire ndi ndalama ya ndiwo. Mpira pamodzi ndi pampu yake, mabuku, makrayoni ndi matabwa omangira ndizo zimakafika n'kugwira ntchito zaka zambiri.